Tsidya Lathu Silinavote Bwino

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mvula kuno, mvula kwathu. Yakuno imangonyowetsa jekete. Yakwathu yatenga nyumba.

Biswick waimba ndili pa basi ya 149, kupita kuntchito ku Edmonton. Mlongo wanga mmodzi yekhayo, ndipo amaimba pokhapokha zikavuta. Mtsinje wa Namilazi wasefukira Lamlungu. Mlatho wapita. Chimanga chapita chitayamba kale kumasula. Mbuzi zapita. Nyumba ya malemu amayi, imene ndinafolera malata ndi thukuta losambitsa nkhalamba za eni dziko lino, yakhala pansi. Onse atatu ali moyo: iye, mlamu, ndi kamwana kawo Atikonda. Athawira kutchalitchi cha pachitunda pamodzi ndi mudzi wonse wa kwa Nyatwanga.

"Musadandaule achemwali, boma libwera." Akutero Biswick. Mwana uja anabadwa ndi chikhulupiriro monga ena amabadwira ndi chala chachisanu ndi chimodzi. Palibe ntchito yake, koma chilipo.

Ndatumiza kandalama pafoni. Renti idikira.

Ndafika mochedwa. Manijala wayang'ana wotchi, ine ndayang'ana iye. Wasiya yekha.

Tsiku lonse kusintha matewera, kudyetsa, kutembenuza. Gogo wa m'chipinda cha kumapeto wandifunsa chifukwa chake sindikumuimbira nyimbo lero. Ndati pakhosi. Atikonda ndimangomudziwira pafoni. Zaka zisanu, mano awiri akutsogolo palibe, amanditchula "azakhali a ku Landani". Sindinamunyamulepo.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Boma labwera. Latsikira tsidya linalo.

Alengeza kuti kum'mawa kwa Namilazi ndi dera logwa ngozi. Kumeneko kampu, matenti, ufa, mankhwala othira m'madzi, anamwino, maboti a injini. Kumadzulo, kwathu, akuti "akuunikabe". Mtsinje umodzi. Madzi amodzi, anasefukira mbali zonse tsiku limodzi. Koma chaka chatha pachisankho chachibwereza tsidya la kum'mawa linasankha phungu wa chipani cholamula, lathu linasankha wotsutsa. Basi. Kuunika kwake ndi komweko.

Ndinakhala zaka ziwiri ndi kanthu pa yunivesite ku Greenwich, kuphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, mpaka fizi inandikanika. Anzanga aja pano amavala masuti. Ine ndimavala magolovesi. Koma ndikanamaliza ndikanangodziwa dzina lachizungu la chinthu chimene mbuzi ya kwa Nyatwanga ikuchiona ndi maso. Ikanakhalapo mbuziyo.

Ndalama ndinatumiza ija ili m'foni ya Biswick. Kokatapa kulibe, kokagula kulibe, golosale yonse ili m'madzi. Foni sadya. Akutchaja pa sola ya akatekisiti, anthu pamzere, ndiye timayankhula mothamanga ngati akuba.

Akumwa madzi a pachitsime chomwe chalowa zonse za m'zimbudzi. Atikonda wayamba kutsegula m'mimba. Ndamuuza mlamu awiritse madzi. Wati, "Ndi nkhuni ziti, alamu?" Zonse n'zonyowa. Akuthyola mabenchi a m'tchalitchi, abusa akuyang'ana kumbali.

Effie, mnzanga wa ku Zambia wokhala naye nyumba, wandipeza ndikutukwana ketulo. Wandilanda, wandipangira tiyi.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Msonkhano wa bungwe la Amalawi, m'holo ya tchalitchi ku Tottenham, mapemphero atatha. Anthu abwera ambiri, ena ndi mayunifomu a kuchipatala. Asonkha ndi mtima wonse, zimenezo sindingakane. Anamwino ogona maola ochepa, kutulutsa zomwe alibe.

Kenako ankolo a Greenwell, wapampando. Tayi, ndodo, mawu onenepa. Munthu amene anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi atabisala m'lole ya fodya, nkhani imene watiuza pa maliro aliwonse ndi pa ukwati uliwonse. Ana ake anabadwira konkuno, Chichewa amangochimva ngati wailesi ya neba. Pano ndi iye woyimira chipani cholamula kuno ku London. Ukalamba umabweza munthu kumene anachokera.

Akuti ndalama zikagula katundu ku Blantyre, katundu akapita kukampu ya boma, chifukwa maboti ndi a boma. Ndaimika dzanja. Sanandione. Ndaimirira.

Ndafunsa: nanga tsidya la kumadzulo? Akuti, "Kumeneko boma silinalengeze, mwanangu. Ife sitingapite patsogolo pa boma." Ndati madzi anapita patsogolo pa boma, sanadikire chilengezo. Ena aseka. Ndikanakhala pansi pamenepo.

Koma anti Winfrida, akazi awo, atsegula sutikesi. Zitenje za chipani, zatsopano, zonunkha sitolo, nkhope ya mtsogoleri ili mbwee. Loweruka kukubwera a Overton, mkulu wa chipani woona za anthu okhala kunja, kudzalandira thandizolo. Amayi adzavala, adzavina, kudzajambulidwa vidiyo yoti akaone kwathu. Amayi ayamba kulandira, kuyeza m'chiuno, kusekerera.

Mutu unanditentha. Ndati, "Anti, ndipatseni chimodzi ndikakolopere kuntchito, kuli agogo ena sagwira mkodzo." Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndati amayi a madigiri awo, oyendetsa mawodi athunthu m'zipatala za kuno, kukagwedeza matako chifukwa cha thumba la ufa logula okha. Ndati mwawoloka nyanja koma ukapolo munaupakira m'sutikesi.

Zii. Mwana wina wafunsa amayi ake m'Chingerezi kuti anti aja akuti chiyani. 

Ndatuluka mutu uli m'mwamba. Pa High Road mphepo. Ndinaiwala sikafu m'holo, sindinabwerere.

Effie atamva: "Iwe Louisa, kamwa yako izakupayisa." Ndati ndanena bodza? Wati, "Bodza iyayi. Manje boti ili kuti?"

Lachitatu, 12 Febuluwale

Atikonda sakudzuka. Maso alowa. Mlamu akumumwetsa madzi a mchere ndi kashuga kopempha, akubweza. Ana ena awiri m'tchalitchimo chimodzimodzi. Mawu aja palibe akufuna kuwatchula, ine ndawatchula: kolera. Biswick wanamizira netiweki.

Boti la boma limadutsa pakati pa mtsinje m'mawa ndi madzulo. Amaliona. Amakupiza malaya. Tsiku lina woyendetsa anawabayibitsa.

Bwato lilipo limodzi, mwini wake akukana. Madzi akuthamanga, mitengo ikubwera yathunthu, ng'ona zasokonezeka malo. Sindikumunena.

Phungu wathu wotsutsa uja ali kutawuni, akulira pawailesi. Misozi yabwino, yofika nthawi yake. Waika zithunzi za anthu athu pa Facebook, pansi pake chizindikiro cha chipani chake. Boti alibe, kapena ali nalo koma anthu ovutika amamukomera kwambiri ali pachithunzi. Awa akutimana kuti tilape, awo akutisunga anjala kuti tikwiye. Tonse tili m'poto mmodzi, akungosinthana chikombe.

Ndaimbira mabungwe awiri othandiza. Aulemu kwambiri. Amagwira ntchito kumene boma lalengeza. Wina wandiuza nditumize imelo.

Gasi ndazimitsa, ndikugona ndi jekete. Sikuti zikuthandiza aliyense.

Biswick pomaliza: "Achemwali, kumeneko mulibe anthu odziwana ndi akuluakulu?" Ndinali nawo. Ndinawauza kuti ndikolopera chitenje chawo.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndapita. Nditaweruka, osadya, ndi yunifomu yomwe. Pa basi anyamata atanyamula maluwa ofiira. Ine ndanyamula manyazi, ndipo ndi olemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Nyumba ya ankolo a Greenwell ku Edmonton, yogula kalekale zinthu zisanadule. Kapeti wokhuthala. Pakhoma chithunzi cha iwo ali mnyamata, atanyamula chikwangwani chofuna ufulu, chipale chofewa chili paphewa. Anti Winfrida atsegula chitseko, andiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwabwera kudzatenga chokolopera?" Ndalowa.

Ndafotokoza za Atikonda. Mawu anga amamveka ngati a munthu wina, munthu waulemu. Ankolo amvetsera, ndipo ndinene zoona, nkhope inagwa. Si mwala munthu uja. Ndi nyama yoweta basi.

Akuti iwo sangalonjeze. Koma a Overton akangoimba foni imodzi, boti limakhota. Chimene a Overton akufuna ndi kukaonetsa kwathu kuti London yonse ili pambuyo pa boma. "Ndipo inu Louisa anthu amakudziwani. Zimene mumalemba pa Facebook zimafika mpaka kumaofesi. Mukaoneka inuyo kutsogolo, mutavala, ndiye kuti ine ndili ndi poyambira."

Kutsogolo. Osati pakati pobisala.

Ndakumbuka amayi. Nthawi ya chipani chimodzi ankawakweza lole mbandakucha kukavinira akuluakulu, ali ndi pakati pa Biswick, miyendo itatupa ngati mitondo. Pobwera ankavula chitenje chija panja, kuchiponya padenga la khitchini, kusamba kaye asanatigwire. Sanatiuzepo kanthu. Ine ndinalumbira ndili wamng'ono, ndikuwathira madzi kumapazi, kuti chitenje cha chipani sindidzavala. Lumbiro limenelo ndi chinthu chokhacho chimene ndinamaliza m'moyo uno.

Ndati ndivala.

Anti Winfrida anditengera chimodzi, chili m'pulasitiki. Sanandipatse m'manja, anachiika patebulo. Ndachilowetsa m'chikwama osachiyang'ana.

Ndamutumizira Biswick mawu: limbani, mwina Lolemba.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndavina.

Shifiti ya m'mawa sinatheke kusintha, ndiye ndafika ng'oma itayamba kale kuyesedwa. Amayi onse m'kachipinda ka kuseri kwa holo, phokoso, mafuta onunkhira, kumangana mipango. Mwambo wake ndi womwe uja wa kwathu: musanatuluke mumakonzana. Wina akukoka apa, wina akuwongola apo, "tatembenuka ndikuone", "kwezako pang'ono". Nditalowa ine phokoso linatsika. Anandipatsa mpata waukulu ngati ndili ndi chifuwa chopatsirana.

Ndakavalira kuchimbudzi. Galasi lake laling'ono, loonera nkhope yokha. Ndatulutsa chitenje, ndayang'ana kudenga, ndazunguliza pamwamba pa buluku la kuntchito, ndamanga. Nkhope ya bambo uja sindinafune kukumana nayo maso. Ndinati thupi livale, maso asaone.

Anandiika kutsogolo, pakati penipeni. A Overton pampando wa abusa, suti yonyezimira, mafoni awiri patebulo. Wamng'ono kuposa ine. Nyimbo yoyamika boma chifukwa chopulumutsa anthu kumadzi. Ndaimba. Mawu ndinawadziwa osaphunzira, nyimbo zake ndi zomwe zija za amayi, amangosintha dzina.

Chiuno chikumbukira zomwe mutu unakana. Ndinavina bwino, ndicho chonyansa chake. Ndinatembenuka, ndinagwada, ndinadzuka. Kumbuyo ndimamva kuseka kotsekera pakamwa. Anyamata ojambula akugwirana mapewa. Ndinati sekani, Louisa wagwa, lero ndi tsiku lanu. Ndinangoona Atikonda.

A Overton anamwetulira nyimbo yonse, kumwetulira kouma ngati kwa pachithunzi cha pasipoti. Nditapita kukawagwira dzanja, ndagwira ndi chigongono, ndatchula kwa Nyatwanga, ndatchula mwana. Ati, "Tamva, mayi. Taona." Ankolo a Greenwell anali atatuluka thukuta, sanandiyang'ane. Ndinaganiza kuti ndi chisoni.

Ndavulira pakhomo, ndaponya m'chikwama. Kunyumba ndasamba nthawi yaitali, madzi otentha, bilu idzaone yokha.

Zatheka. Amayi, mundikhululukire. Boti likhote basi.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Chozondoka.

Ndinavala chozondoka.

Ndadzuka foni itadzaza. Vidiyo ili paliponse, magulu onse a WhatsApp, kuno ndi kwathu. Mzere wa amayi, nkhope za mtsogoleri zili chilili bwinobwino. Pakati ine. Mutu wa bambo uja uli pansi, chibwano m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndikagwada, chipumi chake chikukhudza simenti. Ndikatembenuka, akulendewera pamatako panga ngati mleme. Wina waikapo kale nyimbo ina, wina wachedwetsa pogwada paja kuti zioneke bwino.

"Mayi wolimba mtima wa ku London wazondotsa boma pamaso pa nthumwi yake." Anthu masauzande.

Mwana wa zaka khumi kwathu amadziwa kuti chitenje cha nkhope umayamba waona kumene kuli mutu. Ine mtchona wa mabuluku, zaka zonsezi osamanga chitenje, ndiponso ndinayang'ana kudenga.

Ndaimbira ankolo. Sakuyankha. Ndalemba uthenga wautali. Awerenga. Chete.

Effie waseka mpaka kukhala pansi m'khitchini, kenako waona nkhope yanga. "Ah. Sunachite dala?" Ngakhale Effie.

Kutchalitchi sindinapite.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Lolemba boti linadutsa pakati monga mwa masiku onse.

Biswick sakupezeka kuyambira Lamlungu madzulo. Uthenga wake womaliza: "Taiona vidiyo. Anthu kuno aseka koyamba chigwereni madzi." Kenako mzere wina: "Atikonda sakulira n'komwe." Foni ya mlamu yozima. Ya akatekisiti imangoitana.

Otsutsa andipeza. Phungu wathu wolira uja waika chithunzi changa pa tsamba lake, akuti ndine mwana weniweni wa kwa Nyatwanga. Watchula mudzi. Watchula ndi dzina la bambo athu, kuti aliyense adziwe bwino banja loti alimane. Ena akufuna ndikayankhule pa msonkhano wawo wa pa intaneti. Mnzanga wina wa ku Greenwich, amene sanandiyankhulepo chisiyireni sukulu, walemba kuti amandinyadira. Ndinadikira mawu amenewo zaka zambiri. Afika pa chinthu chimene sindinachite.

Ndikalemba kuti inali ngozi, a boma ati ndikunama, otsutsa ati andiopseza. Pakamwa panga ndinapamanga ndekha mbiri yake, lero palibe akukhulupirira kuti ndingalakwitse mwangozi.

Dzulo ndinapitanso ku Edmonton. Ankolo sanatuluke kuchipinda. Akuti a Overton anawatukwana pagalimoto mpaka ku hotela, munthu wa msinkhu wa mwana wawo. Ndinagwada pakhonde, pa kapeti wa nsapato, mawondo onse awiri. Ndinati anti, sindinadziwe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mwina anakhulupirira, iwo okha m'dziko lonse. Ati, "Tonse tinaona mutangotuluka kuchimbudzi. Tinkayesa mwachita dala. Nanga ndani akanayerekeza kukugwirani m'chiuno inuyo kuti akukonzeni?"

Ndinadzuka pa kapeti paja. 

Ati adzayesa kuyankhula ndi akazi a munthu wina. Anandipatsa sikafu yanga ija, yochapa, yopinda.

Lamlungu, 23 Febuluwale

Palibe.

Ndikugwira mashifiti onse amene alipo, kuti manja akhale ndi chochita. Gogo wa kumapeto uja wamwalira Lachisanu, mwakachetechete, m'chipinda chofunda, dokotala atabwera kawiri. Zaka makumi asanu ndi anayi ndi kanthu. Ndinamusambitsa bwino. Ndinamuimbira nyimbo ija.

Foni ndimaiika m'thumba la yunifomu ngakhale n'zoletsedwa. Ikanjenjemera, ndi anthu ondiyamikira.

Ndayamba kuwerenga mayina a omwalira amene akuikidwa m'magulu. Ndimawerenga chala chili pa sikirini, mzere umodzi umodzi, ngati mwana wa sitandade wanu.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Ali moyo.

Uthenga wa mawu, nambala yachilendo, wafika ndili pa basi. Ndatsika pa Bruce Grove kuti ndimve bwino. Mawu a Biswick, otsika, ngati akuyankhulira m'bulangete.

Anawoloka Lolemba lomwe lija boti litawadutsa. Anagwadira mwini bwato, anamupatsa foni yake yonse ndi ndalama zanga zili momwemo. Mwana anamumanga pachifuwa. Mlamu akukapa madzi ndi mbale. Sanafotokoze zambiri, wangoti, "Tinafika."

Anamwino anamulandira Atikonda osafunsa kuti ndi wa tsidya liti. Diripi masiku angapo. Pano akumwa phala, dzulo wapempha chinangwa.

Koma tenti ndi ufa zili m'manja mwa komiti ya pakampu, ndipo komiti ndi anyamata a chipani. Atamva dzina la bambo athu anatulutsa foni, kumuonetsa vidiyo. "Uyu si mlongo wako?"

Biswick akupitiriza:

"Ndinati ndilibe mlongo, achemwali. Ndinati dzina langofanana. Anati ndinene akujambula, ndinanena. Ndinati mayi ameneyo ndi wamisala, watichititsa manyazi a kwa Nyatwanga. Mlamu wanu anavala, anavina. Atipatsa tenti." Kenako: "Musatiimbire kaye. Musalembe dzina langa paliponse. Ndikadzapeza mpata ndidzakuyambani ndine."

Sanapepese. Wachita bwino. Akanapepesa ndikanamutukwana.

Ndinakhala pa benchi ya pa siteji mabasi akudutsa. Ndalemba kuti "wachita bwino, mwana wa amayi", ndafufuta. Anati ndisalembe.

Watumizanso chithunzi. Atikonda ali gone pamphasa m'tenti, kamkono kali ndi pulasitala, kowonda ngati bango. Amufunditsa chitenje cha chipani. Ndakuza chithunzicho ndi zala, ndayang'anitsitsa. Mutu uli m'mwamba. Mlamu amasamala.

Ana ena awiri aja akadali kutchalitchi cha pachitunda. Mmodzi, Biswick akuti, sakudziwa ngati ali moyo.

Anti Winfrida atumiza uthenga kugulu la amayi, ndipo sanandichotsemo: kukubwera nthumwi ina mwezi wa mawa, kudzalandira gawo lachiwiri. Sananditchule. Sanandiletse.

Chitenje chija chinali chikadali m'chikwama, chokwinyika, chonunkha thukuta. Ndachichapa. Ndachisita, ndikumuyang'ana bambo uja m'maso, nayenso akundiyang'ana. Ndaima pagalasi lalikulu la m'kholido. Kutsogolo ndaona ndekha, kuli bwino. Kumbuyo munthu sadziona.

Effie watulukira ndi mbale m'manja, waima. "Uchita chani iwe?"

Ndati ika mbaleyo, bwera undikonze.